Ufa Umene Ndinkapatsa Apongozi

1

Ngati munamvapo za mkazi wa pa boma la Lundazi amene ankapatsa apongozi ake ufa woyera mpaka anatsala madzi amodzi, mkaziyo ndine. Mbiriyo inazungulira msika, inakwera maminibasi a ku Chipata, inakafika kwathu ku Katete mwini wake ndisanafike. Sindingaikane yonse, chifukwa ufawo ndinkawapatsadi ndine, ndi dzanja langali.

Dzina langa ndine Evelina. Ndinakwatiwa ndi Kenan Nyirongo, amene amagula mtedza ndi soya m'midzi n'kukagulitsa ku Lusaka. Ine ndimasoka zovala panyumba. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Chiza, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba sukulu. Kubanja la a Nyirongo ndinali mlendo, Mchewa pakati pa Atumbuka, wolowoledwa ndi ng'ombe, wophunzira chilankhulo chawo ndili wamkulu kale. Sankandida ayi, koma nkhani ikafika pa zenizeni ankatsitsa mawu ndikalowa.

Apongozi anga aamuna, a Eston, anali mlimi wa fodya ku Mwase komanso mkulu wa mpingo woopedwa. Ankati fodya ndi mbewu yogulitsa basi, Mkhristu saika pakamwa. Achinyamata angapo anachotsedwa mukwaya chifukwa chakuti a Eston anawamva kafungo ka ndudu.

Munthu ameneyu anadwala shuga zaka zambiri, ndipo ankabayidwa jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo. Sankaopa njoka kapena ng'ombe yolusa, koma akaona singano ankatembenukira kukhoma, thukuta lili kamukamu. Shugayo itayamba kuwononga maso, Kenan anawatengera ku India kuti akachitidwe opaleshoni.

2

Anabwerako nthawi yokolola mtedza. Abale anadzaza nyumba yathu: apongozi anga aakazi a Eneless, mlamu wanga Monica amene ndi mlongo wake wa Kenan, ndi a Misheck, mng'ono wawo wa odwalawo. Atatha mapemphero, Kenan anatsegula kachikwama kozizira, n'kunena kuti maso ndi nkhani yaing'ono, chachikulu chimene wabweretsa ndi ichi.

Anatulutsa kachipangizo konga wezulo wa oimbira mpira, ndi timakapu tapulasitiki tating'ono ngati nyemba. M'timakapumo munali ufa woyera. Anafotokoza kuti ndi insulini yomwe ija, koma youma. Munthu akamayamba kudya amaukoka ndi mpweya, umakalowa m'mapapo, ndipo kuchokera m'mapapomo umadutsa kupita m'magazi. Mabokosi ake anati anawasiya komweko kuti katundu apepuke.

“Adada sadzabayidwanso,” anatero, akutiyang'ana mmodzimmodzi.

A Eneless anaimba nthungululu. Monica anajambula kachipangizoko pafoni n'kutumizira abale onse mpaka ku Kitwe. A Misheck anati kubereka mwana wamwamuna n'kumeneku. Amene sanasekerere ndi mwini mankhwala yekha. Anangokhala kuseri kwa magalasi awo akuda, nkhope atailozetsa kuzenera. Ine ndinkati ndi kutopa kwa ulendo.

Ufawo unkafunika kusungidwa m'firiji, choncho anagwirizana kuti Adada akhale kwathu ku boma, Amama azibwerera ku Mwase kukayang'anira zokolola. Chipinda chokhacho chimene chinalipo chinali changa chosokera. Tikutsuka mbale ndinadandaula kwa Monica kuti makina anga ndikaika kuti, nanga iwowa adzakhala mpaka liti. Ndinalankhula ngati kwa mkazi mnzanga, iye n'kungoseka.

Popeza maso a Adada anali asanapole, ntchito yoika kakapu m'kachipangizo inakhala yanga. Kenan anandionetsa kamodzi. Chakudya chikafika ndinkagwada, kuika kakapu, kutseka, n'kuwapatsira m'manja.

3

Anatsokomola tsiku loyamba lomwelo, atangokoka. Kenan anati madokotala ananena kuti poyamba zimatero, thupi lizolowera.

Silinazolowere. Chifuwacho chinayamba kukhalitsa, chouma, chochokera pansi. Kenaka ndinayamba kumva kaphokoso akamapuma, ngati mphepo yolowa pa chitseko chosatseka bwino. Ndikamasoka pakhonde ndinkaimitsa makina kuti ndimvetsere ngati akupumabe.

Masana aliwonse ankavala jekete lawo lakale la kumunda n'kupita kumtsinje, amati kukasinkhasinkha Mawu. Wowaperekeza sankamufuna, ngakhale maso anali ofooka. Jeketelo linkanunkha fodya, monga zimanunkhira zovala za aliyense amene wakhala moyo wake wonse m'chigafa, ndipo kulichapa ankakana. Pobwerera ankatafuna masamba a bulugamu, amati amafewetsa pachifuwa. M'mene masabata ankapita, ndinaona kuti akafika pageti ankayamba agwira chipilala kaye asanalowe.

Ndinauza Kenan kuti tiwatengere kuchipatala. Anandikalipira mmene sanandikalipirepo chikwatiranire. Anati madokotala a pano ufa umenewu sanauonepo, angowabwezera ku singano, ndiye ulendo wonse wa ku India ukhala wa chiyani. Kuyambira pamenepo maulendo ake a ku Lusaka anachuluka. Akakhala panyumba, nthawi ya chakudya ikakwana foni inkamuitanira panja.

Ndinayesa kulankhula ndi Adada eniake. Anandiyankha mofatsa kuti mkamwana asamavutike mtima, ndi fumbi la pa boma limene silikuwayanja. Koma tsiku lina nditawapatsa kachipangizoko sanakaike pakamwa msanga. Anakagwira nthawi yaitali, akukatembenuza m'manja.

“Anyina Chiza,” anatero, “munthu akayamba kuwoloka mtsinje n'kuona kuti madzi achuluka, abwerere kapena apitirire?”

Ndinati zitengera kumene kuli pafupi. Anaseka pang'ono, n'kukoka ufawo. Anatsokomola mpaka misozi.

4

Zinachitika Lamlungu titachoka kutchalitchi. Amama anali atabwera kuchokera ku Mwase, Monica analiponso. Ndinagwada monga mwa masiku onse, ndinaika kakapu, ndinapereka. Onse anaona.

Adada anakoka, anatsokomola kawiri, kenaka chifuwacho chinaima. Pakamwa panali potsegula koma mpweya sunkalowa. Anagwira tebulo, mbale zinagwa, milomo inayamba kuchita imvi. Kenan anawanyamula ngati mwana kupita nawo kugalimoto. Njira yonse Amama ankangoitana dzina lawo, chinthu chimene sindinawamvepo akuchita pagulu.

Kuchipatala anawaika pa mpweya wa m'botolo n'kuwabaya mankhwala otsegula chifuwa. Dokotala, mayi wachitsikana wolankhula pang'onopang'ono, anatenga kachipangizo kaja n'kukayang'anitsitsa. Sanabise kuti anali asanakaonepo. Anachoka kukafunsa anzake a ku Lusaka, ndipo atabwerako anatiitanira pambali.

Anati ufawo ndi mankhwala enieni, ndipo anthu ena akunja amawathandiza. Koma uli ndi lamulo lake: sapatsidwa kwa munthu wosuta fodya, wa mphumu, kapena wa mapapo ofooka, chifukwa ungathe kutseka njira za mpweya. N'chifukwa chake asanaupereke amayamba ayeza mapapo. Kenaka anafunsa ngati bambowa amasuta.

Monica anakwiya ngati watukwanidwa. Anati adokotala adziwe kuti akunena za mkulu wa mpingo. Dokotala anatembenukira kwa Kenan n'kufunsa ngati ku India anawayeza mapapo.

“Anawayeza,” anatero Kenan. “Anati zonse zili bwino.”

Dokotala anamuyang'ana kanthawi. Anati chimene akumva m'chifuwamo sichikugwirizana ndi zimenezo, koma apitiriza kufufuza. Amama anawerama. Ankangopinda ndi kupindula nsonga ya chitenje chawo.

5

M'mawa mwake a Misheck anafika, ndipo anatiitana tonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi, pamene pamakhala odikirira odwala. Anayamba ndi pemphero. Atati amen, Monica anatenga nkhani.

Anailongosola bwinobwino ngati akuyala nyemba padzuwa. Mankhwala ndi abwino, adokotala anena okha. Mapapo anayezedwa, achimwene anena okha. Adada sasuta, dziko lonse likudziwa. Ndiye chatsala n'chiyani? Chatsala ndi chimene chinali m'timakapumo, ndi dzanja limene linkatiika. Ufa woyera ndi ufa woyera, ndani angasiyanitse wa ku India ndi wa ku Katete? Kenaka anabwereza mawu anga a tsiku lotsuka mbale lija, osasiya ngakhale limodzi: nanga iwowa adzakhala mpaka liti.

Anthu a mabanja ena amene anakhala pafupi anasiya kucheza.

Ndinayesa kufotokoza kuti timakaputo n'totseka, munthu sangatitsegule osatiphwanya. A Misheck anati wofuna kuchita chinthu njira amaipeza. Anagamula kuti ndisalowenso muwodi ndiponso ndisaphikire aliyense wa banjalo. Chiza akakhale kwa Monica, chifukwa ndi mwana wa a Nyirongo ndipo sangamusiye m'manja okayikitsa. Achimwene awo akapanda kudzuka, nkhaniyi ipita kupolisi.

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Anali atawerama, akuchotsa matope kunsi kwa nsapato ndi kamtengo. Ndinamuitana ndi dzina la mwana wathu. Sanadzutse mutu.

“Tidikire Adada achire,” anatero. “Zonse zidziwika.”

Madzulo a tsikulo Monica anabwera kudzatenga Chiza ndi yunifolomu yake. Mwanayo anafunsa ngati akupita kutchuthi. Ndinati inde.

Sabata imeneyo amayi amene anandisiyira nsalu anabwera mmodzimmodzi kudzazitenga zosasoka. Wina anaimirira kunja kwa geti n'kundiuza kuti ndimuponyere.

6

Panapita masiku angapo ndisanamve chilichonse. Kenan ankagona kudepoti yake ya mtedza. Ndiye tsiku lina m'mawa namwino wina, amene ndinamusokerapo diresi la ukwati, anagogoda pakhomo. Anati bambo aja ayamba kulankhula, ndipo amupempha mwamseri kuti andiitane. Ndibwere masana, nthawi imene abale amapita kukadya.

Ndinawapeza atatsamira mapilo, timapaipi tili m'mphuno. Anali ataonda moti khosi linaoneka lalitali. Ndinagwada pambali pa bedi. Ndinkaganiza kuti amva zimene zandichitikira ndipo akufuna kunditonthoza, kapena kundifunsa okha ngati n'zoona.

Sanatchule zimenezo. Anayang'ana kuchitseko, n'kundikodola kuti ndiyandikire.

“Mkamwana, pansi pa bedi langa kwanu kuja pali majombo. M'jombo lakumanzere muli kachitini. Mawa anyina Kenan akubwera kudzalongedza katundu wanga. Ukatenge lero, ukataye m'chimbudzi. Usatsegule.”

Ndinafunsa kuti muli chiyani. Anati ndi zinthu za amuna. Ndinafunsanso chifukwa chimene atumira ine, osati mwana wawo kapena mng'ono wawo.

“Iwe si wa kuno,” anatero. “Ulibe woti ukamuuze.”

Ndinabwerera kunyumba. M'mutu munabwera zambiri: zithumwa, mankhwala a chuma, zinthu zimene anthu amanong'onezana za alimi olemera. Ndinakoka majombowo. Kachitiniko kanali kakale, kopanda utoto m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ndinakhala pansi n'kukayang'ana, kenaka ndinakatsegula.

Munali fodya wonyenyanyenya, timapepala ta nyuzipepala todula bwino, machesi, ndi ndudu zingapo zopichira kale.

7

Sindinataye. Mawa lake masana ndinabwerera kuwodi, kachitiniko kali m'chikwama. Nditakaonetsa, Adada anatseka maso.

Anandiuza zonse, mawu akudukaduka. Anayamba kusuta ali mnyamata wolishya ng'ombe. Atalowa mpingo anasiya, n'kuyambiranso, n'kusiyanso. Atasankhidwa ukulu anaona kuti kuulula kwachedwa. Kumudzi ankasutira kuseri kwa chigafa, kuno ku boma ankasutira kumtsinje. Anyamata aja ankawagwira msanga chifukwa fungolo ankalidziwa kuposa aliyense.

Ndinati ndiye kuti ku India anawanamiza madokotala.

Anapukusa mutu. Anati ufawo anaumvera kwa wodwala mnzawo wa kumeneko, ndipo anaulakalaka ngati madzi. Kenan atamva anaimbira foni kumudzi tsiku lomwelo kulengeza kuti za singano zatha. Kenaka anapita kwa dokotala wa shuga, amene anawapatsa chipaipi choti auziremo mpweya. Atangoona zotsatira anafunsa kuti bambowa akhala akusuta zaka zingati. Womasulira anali Kenan. Adada anavomera pamaso pa mwana wawo, koyamba m'moyo wawo. Dokotalayo anakana kulemba mankhwalawo. Anati mapapo awa ndi otha kale, ufa umenewu ungawaphe.

“Kumene tinkagona ndinalira ngati mwana,” anatero. “Ndinati bola kufa kusiyana ndi kubwerera ku singano. Kenan anatuluka. Pobwera anali ndi kachikwama kaja. Anapeza sitolo imene sinafunse zambiri. Anati ndikangosiya kusuta zikhala bwino, ndipo ndinalumbira kuti ndasiya.”

“Ndiye kuti abambo ake Chiza akudziwa zonsezi?”

“Akudziwa.”

Ndinakumbukira foni imene inkamuitanira panja nthawi ya chakudya. Munthuyo sankafuna kuona bambo ake akukoka ufawo, ndiye anausiya m'manja mwanga.

Ndinawauza Adada kuti anthu akuti ndawathira mankhwala, ndipo mwana wanga andilanda. Anati amva. Anati akangotuluka adzauza abale kuti mkamwana alibe mlandu, popanda kutchula fodya. Ndinafunsa kuti nanga akapanda kutuluka. Anangondigwira dzanja n'kunena kuti ndiganizire dzina lawo, zaka zonse zimene aimirira kutsogolo kwa anthu.

8

Kenan ndinamupeza kudepoti, pakati pa matumba a mtedza. Anawauza antchito kuti atuluke. Nditatulutsa kachitiniko anakhala pa thumba.

Sanakane chilichonse. Anati ankafuna kuthandiza, sakanatha kuona bambo ake akulira. Anati anali atalengeza kale kwa abale onse, akanabwera bwanji chimanjamanja. Chifuwa chitayamba anadziwa chimene chikuchitika, koma tsiku lililonse ankati mawa ndiwaletsa, ndipo mawalo silinafike.

Ndinamufunsa za pansi pa mtengo wa mango paja.

“Amake Chiza, ndikanena zoona ndiye kuti ndawapha Adada kawiri. Mpingo uwachotsa, ine abale andiona ngati chigawenga. Iwe ndiwe wolimba mtima. Pirira pang'ono, anthu amaiwala. Chiza ndikamutenga ndekha zinthu zikazizira.”

Ankalankhula mondinyengerera, ngati akundipempha kuti ndimubwereke chitenje. M'pamene ndinazindikira kuti anali atawerengera kale amene angathe kusenza manyaziwa, ndipo anapeza kuti ndine, chifukwa dzina langa kuno linalibe kulemera.

Ndinamuuza kuti ndikachoka pano ndikupita kwa dokotala, chifukwa sangachize munthu akumubisira matenda. Za abale ndinamupatsa mpaka mawa masana kuti anene yekha. Nkhope yake inasintha. Anati ndikawachititsa manyazi bambo ake, ndisadzapondenso pakhomo pake.

Dokotala anamvetsera osandidula. Sanadabwe. Anati mapapowo anali atamuuza kale, ankangosowa munthu woti avomere.

9

Mawa lake ndinapeza onse pansi pa mtengo uja, akugawana chakudya. Kenan analipo. Ndinaima patali kumudikira. Anandiona, n'kupitiriza kusamba m'manja.

Ndinayandikira, ndinagwada pamaso pa a Misheck, ndinaika kachitiniko pamphasa n'kukatsegula. Ndinati ichi ndachipeza m'jombo la Adada, ndipo anandituma okha kuti ndikataye.

Monica analumpha. Anati mfiti ikagwidwa imafuna pothawira, fodyayu ndagula pamsika kuti ndidetse dzina la bambo ake. A Misheck anayamba kundiuza kuti ndinyamule zinthu zanga ndichoke. Ndiye Amama anatambasula dzanja, anatenga kachitiniko, n'kukasisita ndi chala.

“Aka ndikukadziwa,” anatero. “Munali mafuta odzola amene anandigulira chaka chimene tinakwatirana. Atatha anakatenga.”

Anapitiriza osakweza mawu. Anati mkazi amene wagona pafupi ndi mwamuna zaka zonsezi sanganamizidwe ndi masamba a bulugamu. Anadziwa kuyambira kale, ndipo anasunga. Tsiku limene dokotala anafunsa, mawu anafika pakhosi koma anawameza. Mkamwana akuweruzidwa anawamezanso, ndipo kuyambira tsikulo chakudya sichikutsika. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

“Kenan, dokotala wa ku India anati chiyani?”

Kenan anayang'ana bambo ake aang'onowo, anayang'ana mlongo wake, ngati wina amupulumutsa. Amama anabwereza funsolo. Anayankha ndi mawu ochepa, maso ali pansi: anakana, ndinakagula ndekha.

Ndinkayembekeza kuti wina apepesa. Monica anangokhala pansi n'kuyamba kulira, kulirira bambo ake. A Misheck anatsokomola n'kunena kuti tithokoze Mulungu kuti choonadi chaoneka, mkamwana alibe mlandu. Koma nkhaniyi ithere pamphasa pomwepa. Kunja isatuluke, chifukwa ikhudza mpingo ndi dzina la banja.

Ndinafunsa kuti nanga anthu a pamsika, amene akunditcha wakupha, awauza ndani. Anati mphekesera ndi moto wa mapesi, imazima yokha.

10

Adada anatuluka m'chipatala, anabwerera ku Mwase ndi ku singano zawo. Mapapo sanabwererenso mwakale. Ine ndinalongedza makina anga. Kenan sanandithamangitse monga ananenera, anandipempha kuti ndikhale, koma ndikamuyang'ana ndinkangoona munthu wochotsa matope kunsapato.

Chiza anali adakali kwa Monica, ndipo a Misheck anali atanena kuti mkazi akhoza kupita koma mwana atsala, chifukwa ng'ombe za malowolo anapereka. Ndinakwera minibasi ya ku Chipata ndili ndekha, mtima utauma ngati chikuni. Ikudzaza, ndinaona Amama akudutsa pakati pa njinga ndi ogulitsa nthochi, atagwira mwanayo dzanja, kachikwama kake kali pamutu pawo. Anamukweza okha n'kumukhazika pamiyendo panga. Ndinafunsa kuti akawauza chiyani a Misheck.

“Ndakhala chete zaka zambiri,” anatero. “Andimveko.”

Tsopano tili ku Katete. Ndimasoka pakhonde la sitolo ya achimwene anga, Chiza akuphunzira. Kenan wabwerapo kangapo ndi akuluakulu. Yankho langa silisintha: akaimirire pamaso pa anthu amene anamva bodzalo, anene chimene chinachitika. Amati akufuna nthawi yabwino.

Mwezi wathawu Amama anandiimbira foni. Anati Adada anapempha okha mpata wolankhula mutchalitchi, ndipo sabata yonse ankayeseza mawu oti akanene. Lamlungu anaimirira kutsogolo, anagwira gome, anatchula dzina langa. Pomwepo chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka anthu anawakhazika pansi n'kuwatulutsa. Potuluka mutchalitchi anthu ankauzana kuti mwaona, angotchula dzina la mkazi uja mpweya n'kuwathawa. Kuyambira tsikulo sanathenso kuyenda mpaka kutchalitchi.

Inu amene mukuwerenga, ufa uja sindiuda. Unapangidwa kuti upepukitse moyo wa anthu otopa ndi singano, ndipo ndimva kuti kwina ukutero. Umangofuna chinthu chimodzi, kuti woukoka anene zoona za mapapo ake. M'nyumba imene ndinakwatiwa aliyense anali ndi chidutswa cha choonadicho, ndipo aliyense anachisunga chifukwa chokonda wina: mkazi anasungira mwamuna wake, mwana anasungira bambo ake. Onsewo ndi anthu opemphera, ndipo palibe anandifunira zoipa. Chinsinsi chikalemera chimafuna wochisenza basi, ndipo m'banja amasankha amene alibe womuyankhulira.

Ngati kwanu kuli chinthu chimene nonse mukuchidziwa koma simuchitchula, yang'anani bwino pamphasa pamene mwakhala. Pali wina amene akuchilipira. Mukayang'ana n'kulephera kumupeza, mudzifunse chifukwa chimene amatsitsira mawu mukalowa.